Ndinati Mpweya

Fyuluta ija inakhala pawindo la chipinda chochezera masiku anayi, ili m'kabokosi kake ka buluu. Kanali kachitini konyezimira kokwanira m'dzanja la munthu wamkulu, kokhala ndi mlomo uku ndi uku, ndipo pamimba pake anadindapo kamuvi kosonyeza kumene petulo amalowera. Ndikakagwedeza sikankalira. Ndikakanunkhiza kankamveka chitsulo ndi pepala. Amalume anandiuza kuti ntchito yake ndi ya sefa: petulo akamachoka m'thanki amadutsa m'menemo, zinyalala n'kutsalira, ndipo ikadzaza galimoto imayamba kutsamwa ngati mwana womeza mbatata mothamanga. Amayi anaichotsa pawindopo kawiri, ndipo kawiri konse amalume anaibwezera pomwepo, kuti wodutsa aliyense aone kuti m'nyumba muno muli munthu wa pantchito.

Unali mwezi wa Okutobala, ine ndili Giredi 9, mayeso atatsala pang'ono. Tinkakhala ku Kabwata m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ine, amayi ndi amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi. Bambo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Chaka chimenecho kunatentha kwambiri moti malata ankalira okha masana, ndipo pochokera kusukulu phula linkamata ku nsapato. Ndinali ndi kope lachikuto chofiira limene ndinkalembamo zochitika za tsiku lililonse, chifukwa aphunzitsi a Chingerezi anatiuza kuti wofuna kudziwa kulemba asagone asanalembe. Kopelo ndikadali nalo. Ndikamaliwerenga lero ndimapeza mtsikana wokhulupirira kuti palibe chinthu chimene chingakanike munthu wokhoza m'kalasi.

Amalume anayendetsa malole akale kwa zaka zambiri pamsewu wa ku Chipata. Kampani yawo itatsekedwa anakhala zaka ziwiri pakhonde, akukonza mawilo a njinga za ana a m'dera lathu, ndipo chakudya cha m'nyumba chinkachokera ku vitumbuwa zimene amayi ankagulitsa kumsika. Amalume sankadandaula, koma pa nthawi ya chakudya ankafulumira kusamba m'manja n'kunena kuti akhuta. Kenako anapeza ntchito kwa mayi wina wa ku Kabulonga amene anali ndi makola a nkhuku kunja kwa tauni. Tonse tinkangowatchula kuti madamu. Anawapatsa pikapu yoyera kuti azinyamulira chakudya cha nkhuku ndi mazira, n'kuwauza kuti awayesa kaye miyezi itatu. Okutobala unali mwezi wachitatuwo. Ukanatha bwino, ntchito ikanakhala yawo.

Chapakati pa mweziwo pikapu inayamba kutsamwa ikamakwera chitunda itasenza matumba. Madamu ankafuna kuitumiza ku galaja, koma amalume anakana. Anatibwerezera madzulo mawu amene anawauza, akuoneka kuti awakonda: "Dalaivala wosadziwa mimba ya galimoto yake ndi pasinja chabe." Anati vuto ndi fyuluta, ndipo aisintha okha Loweruka kunyumba. Madamu anagula fyuluta ija, n'kuwapatsanso buku la galimotoyo atawatsegulira tsamba loyenera.

Pano ndinene chinthu chimene anthu onse amene anakamba nkhaniyi pambuyo pake anachiiwala. Amalume sanalakwitse matenda a galimotoyo. Analimvadi vutolo ndi khutu lawo, ndipo linalidi la fyuluta. Chimene sankadziwa n'chakuti pikapu imeneyi sinali ngati magalimoto amene anakulira. Iwo ankati injini ikazima mafuta amagona, ndipo pa magalimoto awo akale zinali zoona: unkamasula paipi, mafuta n'kungodontha. Koma mu iyi munali pampu m'thanki momwemo, yokankha petulo mwamphamvu, ndipo ngakhale uzimitse injini petuloyo amatsala atapanikizika m'paipi, kudikira pomwe angatulukire.

Lachisanu masana amayi anapita kukagula ufa wa tirigu. Ndinapeza amalume pakhonde akutsuka masipanala m'chitini cha parafini, buku lija lili pampando.

"Iwe wa Chingelezi, bwela," anatero. "Manja anga ali ndi girisi. Tandiwelengela apa, undiuze m'Chinyanja."

Sindikudziwa ngati ndinasangalalapo chotero chaka chonsecho. Sabata yomweyo aphunzitsi anali atatiphunzitsa kumasulira, ndipo ananena mawu amene ndinawalemba m'kope n'kuwadula mzere kunsi: womasulira waulesi amasiya liwu la Chingerezi lili chiimire ngati mlendo wosapatsidwa mpando. Ndinakhala pansi, n'kuika bukulo pamaondo, nditatsimikiza mtima kuti sindisiya mlendo aliyense ali chiimire.

Pamwamba pa tsambalo panali mzere umodzi wozunguliridwa ndi bokosi, pambali pake pali kachizindikiro ka chenjezo. Mawu onse ndinawamva kupatula kuti limodzi linandivuta kulipezera mpando. Linali liwu lija timangoti pulesha. Mu Lusaka palibe amene salidziwa. Pali pulesha ya matayala, pulesha ya madzi pampopi, pulesha ya magazi imene inkavutitsa theka la azimayi a kutchalitchi kwathu. Ndikanangonena kuti pulesha, mwina amalume akanaima n'kufunsa kuti pulesha yake iti. Koma ine ndinkafuna Chinyanja chenicheni. Ndinaganiza za matayala, ndinaganiza za amuna aja amapopa pamalo omwetsera mafuta, ndipo ndinadzifunsa kuti m'tayala mumakhala chiyani.

"Akuti musanamasule paipi, muyambe mwatulutsa mpweya wa petulo," ndinatero.

Amalume anaseka. "Basi? Azungu kulemba buku lonse chifukwa cha mpweya."

Anapukuta manja, n'kupita pa pikapu, n'kupotokola chitsekerero cha thanki. Chinalira kuti psii, ndipo fungo la petulo wofunda linafika mpaka pakhonde pamene ndinakhala.

"Wamva? Watuluka."

Ndinamvadi. Liwu langa linali litalira m'makutu mwanga momwe, ndipo palibe mphunzitsi amene akanandichongera bwino kuposa pamenepo. Kunsi kwa mzere uja kunali timawu ting'onoting'ono tonena kuti kachitidwe kake kali patsamba lina, ndi nambala ya tsambalo. Ndinationa. Chala changa chinali pa nambalayo pamene amalume ankati, "Zotsalazo ndikuzidziwa. Iwe udzakhala loya." Ndinatseka buku. M'kope la tsikulo ndinalemba kuti ndamasulira buku la mainjiniya osasiya liwu la Chingerezi ngakhale limodzi. Za timawu tija sindinalembe chilichonse.

Loweruka kunacha kopanda mtambo. Bwalo lathu linali laling'ono, moti pikapu inadzaza kuyambira pageti mpaka pafupi ndi khonde. Chakumapeto, pafupi ndi mpopi, amayi anayatsa mbaula n'kuyamba kukazinga vitumbuwa za kumsika, ndipo pambali pawo panali bafa limene ananyikamo mabulangete. Ine ndinakhala pasitepe ndi manotsi a jogalafe. Amalume anatsegulanso chitsekerero chija, chinaliranso, anandiyang'ana n'kundigwedezera mutu. Kenako anayala thumba pansi, nagona chagada, n'kulowa kunsi kwa galimoto. Kunja kunatsala miyendo yokha, ndi nsapato zakale zopanda zingwe. Ankaimba mluzu nyimbo ya kutchalitchi.

Phokoso lake linali ngati la botolo la zakumwa limene mwana waligwedeza asanatsegule, koma lotalikirapo. Mluzu unaduka. Ndinamva mutu ukugunda chitsulo. Miyendo ija inapalasa fumbi, ndipo amalume anatuluka akudzikoka ndi zigongono, manja onse ali kumaso. Sanakuwe. Ankangoti, "Madzi, madzi," ndi mawu apansi, ngati munthu wopempha mwaulemu. Nkhope yawo inkanyezimira, malaya atada kuyambira pakhosi mpaka pachifuwa, ndipo fungo la petulo linaphimba la vitumbuwa. Anadzuka, maso ali otseka, n'kuthamangira kumene ankadziwa kuti kuli mpopi.

Amayi anangokwanitsa kunena kuti, "Achimwene, mbaula."

Anthu amene sanaone amakamba kuti amalume anagwera pamoto. Sizinatero. Ine ndinaona. Anali asanaifike mbaula, panatsala mwina phazi limodzi, ndipo moto ndi umene unanyamuka kuwachingamira. Padzuwa lija unalibe mtundu weniweni. Ndinangoona mpweya ukunjenjemera pachifuwa pawo, ndinamva kuti vuu ngati munthu wakutumula nsalu, kenako kolala ya malaya inayamba kupindika yokha n'kuda. Chiwaya chinagubuduka. Amayi, amene ankalephera kunyamula okha bafa lodzaza, anasolola bulangete lonyowa ndi dzanja limodzi, n'kuwaphimba nalo kumutu, n'kugwa nawo pansi onse awiri.

Bulangete linkafuka nthunzi. Chitumbuwa chimodzi chinagubudukira mpaka paphazi panga n'kuima. Ndinamva fungo limene sindinalimvepo, la tsitsi ndi sopo ndi petulo pamodzi, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamene akuwawula nkhuku ndimawoloka msewu. Manotsi a jogalafe anali akadali m'manja mwanga. Sindinaimirire. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi kuti mwana wa zaka khumi ndi zisanu angakhale bwanji pasitepe osagwedezeka, ndipo yankho ndilibe.

Amayi anakokera amalume pampopi n'kuwagwira mutu pansi pa madzi. Anthu oyandikana nafe anadzaza pageti, aliyense ndi mankhwala ake: wina dzira laliwisi, wina mankhwala otsukira mano, wina mafuta ophikira. Amayi sanatembenuke. "Madzi okha," ankatero, uku akutsegula zikope za amalume ndi zala. Patapita nthawi mwamuna wina wa mumzere wathu anabweretsa minibasi yake, n'kupita nawo kuchipatala. Wina anathira mchenga pamene petulo ankadonthera, wina anazimitsa makala. Pikapu sinapse ngakhale penti.

Ine anandisiya kuti ndilonde nyumba. Anthu atabalalika ndinatsegula chitseko cha galimoto, n'kutenga buku lija pampando. Nambala ya tsamba ndinkaikumbukira. Panali mizere yochepa, Chingerezi chake chosavuta, choti ngakhale wa Giredi 7 akanamva. Zimitsani moto uliwonse umene uli pafupi. Zulani fyuzi ya pampu ya petulo. Lizani injini, muisiye mpaka izime yokha chifukwa chosowa petulo. Yesaninso kuiliza kawiri kapena katatu. Masulani waya wa batire. Kulungani nsanza polumikizira paipi, tetezani maso, ndipo mumasule pang'onopang'ono. Ndinawerenga kawiri. Liwu loti mpweya silinalipo paliponse. Ndinabwezera bukulo pampando mmene linalili. Patsamba la tsikulo m'kope langa palembedwa liwu limodzi lokha, Loweruka.

Komabe mumtima ndinasunga kachiyembekezo. Ndinkati mwina liwu langa silinali lolakwika kwenikweni, mwina m'Chinyanja amanenadi choncho. Lolemba nditaweruka ndinatsalira m'kalasi mpaka anzanga onse atatuluka.

"Aphunzitsi, pulesha m'Chinyanja ndi chiyani?"

Anali akufufuta pabolodi. "Pulesha ya chiyani?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa ndi limene ine sindinadzifunse. Ndinati ya petulo, m'paipi ya galimoto. Anaima, choko chili m'manja, n'kuyesa mawu angapo: mphamvu, kukankha, kupanikizika. Palibe limene linawakhutiritsa. Pomaliza anati, "Pamenepo ungonena kuti pulesha. Aliyense amva."

"Nanga mpweya?"

"M'paipi ya petulo mukhala bwanji mpweya, mwanawe?"

Ndinawathokoza n'kutuluka. Anali aphunzitsi omwe aja a mlendo wosapatsidwa mpando, ndipo sanadziwe n'komwe kuti anena zosiyana. Kwa nthawi yaitali ndinawasungira mkwiyo. Lero ndikuona kuti iwo ankatiphunzitsa kumasulira ndakatulo ndi nkhani za m'mabuku, ndipo ine ndi amene ndinatenga lamulo la m'kalasi n'kukaliika kunsi kwa galimoto.

Lachiwiri madamu anatumiza makanika wa ku galaja kudzatenga pikapu. Anaikonzera pabwalo pathu pomwepo, ine ndikuonera pawindo. Anabwezera paipi ija, n'kutsegula boneti, n'kuzula kanthu kakang'ono ngati chikhadabo. Injini inalira pang'ono, inatsokomola, n'kuzima. Atalowa kunsi ndi nsanza, sipanamveke chilichonse. Anatuluka atagwira fyuluta yakale, nsanza itanyowa pang'ono pakona. Ntchito yonse sinathe ngakhale nthawi imene amayi amatenga kukanda ufa. Pochoka anauza mwamuna wa minibasi uja kuti, "Mdala wanu ni wa magalimoto akale," onse n'kugwedeza mitu.

Kuchipatala amalume anagona milungu itatu. Mlungu woyamba maso onse awiri anali omangidwa, pamodzi ndi khosi ndi dzanja lamanja. Wadi inkanunkha mankhwala otsukira pansi ndi malalanje amene anthu ankabweretsera odwala. Madokotala anati diso lamanja lidzaona, lamanzere tidikire. Madamu anatumiza uthenga woti asade nkhawa, diso limodzi likachira bwino adzakambirana, ntchito sanapereke kwa wina. Amayi atamva zimenezo anagwada pambali pa bedi n'kupemphera.

Tsiku lina amayi atapita kukatsuka mbale, ndinasendera pafupi.

"Amalume, liwu lija ndinakuuzani..."

"Mayeso ayamba liti?"

Ndinawauza. Ndinayesanso kuyamba, koma anafufuza dzanja langa pabedi ndi dzanja lawo labwino, n'kulifinya mpaka ndinamva kuwawa. "Ndiye ukutani kuno? Pita ukawelenge." Amayi sankadziwa kuti ndinagwirapo bukulo, chifukwa Lachisanu lija anali kumsika. Tinkadziwa anthu awiri basi, ndipo mmodzi ankakana kuti tikambe.

Amalume anatuluka m'chipatala mitambo itayamba kusonkhana madzulo koma mvula isanagwe. Khungu la pakhosi linali lofiirira ndi losalala ngati la mwana wakhanda, nsidze kunalibe, ndipo diso lamanzere linali lophimbidwa ndi thonje. Lamanja linkaona. Ankayesa kuwerenga magalimoto odutsa pamsewu ali pakhonde, n'kumatchula mtundu wa iliyonse isanafike pageti, kuti tonse timve kuti akuona.

Madamu anabwera Loweruka masana atanyamula mazira ndi nkhuku yosenda kale. Sanali munthu woipa, ndipo sindikufuna kuti aoneke choncho. Anapeza azimayi awiri a kutchalitchi amene anabwera kudzazonda, ndipo amayi anapatsa madamu mpando wabwino, iwo n'kukhala pamphasa. Ine ndinaima pakhomo la kuchipinda. Analonjerana, anakamba za kutentha, za nkhuku zimene zinkafa ndi dzuwa. Kenako madamu anaika chikwama pamaondo.

"Ba dalaiva, ba bwana kunyumba bafunsa, na ine nifuna chabe kumvetsa. Buku ninakupatsani. Peji ninakutsegulilani, munaiyang'ana, munakamba ati mwamvela. Manje munawelenga chani?"

Azimayi aja anayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi. Ndinali nditakonza kale mawu, ndinali nditawalemba m'kope katatu. Ndinatuluka pakhomo paja n'kunena kuti, "Madamu, ine..."

"Sindinawelenge kanthu, madamu." Mawu a amalume anakwera pamwamba pa anga, osakuwa, koma osasiya mpata. "Ine sindidziwa kuwelenga. Ndinachita manyazi kukuuzani, ndipo ndinachita manyazi kufunsa munthu. Ndinangochita mmene ndinazolowela."

Mmodzi wa azimayi aja anagwira pakamwa. Amayi sanadzutse mutu, ankangosolola kaudzu pamphasa. Amalume sanandiyang'ane, koma dzanja lawo labwino linandilozera kuti ndibwerere kumene ndachokera, ndipo ndinabwerera.

Madamu anafunsa pang'onopang'ono. "Nanga tumapepala twa vogula twamene nenze kukupatsani?"

"Ndinkapatsa a m'sitolo, awelenge okha."

"Na mankhwala ya nkhuku?"

"Chimodzimodzi."

Anakhala kanthawi akuyang'ana dzanja lomangidwa lija. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, osati ndi mkwiyo, koma ngati munthu amene akuwerengera m'mbuyo maulendo onse amene anatuma munthuyu ndi mabotolo olembedwa milingo. Diso akanatha kulidikira. Ichi sakanatha. Anadzuka, anagwira amayi chanza, n'kunena kuti akambirana ndi abwana, amuna awo. Galimoto yawo itachoka, azimayi a kutchalitchi nawonso anatsanzika mofulumira, ndipo tonse tinadziwa kuti pofika mawa Kabwata yense akhala atamva.

Ine ndinakwiyira amayi. Ndinkadabwa kuti angakhale bwanji chete mlongo wawo akudzinamizira chinthu chonyazitsa chotero pamaso pa alendo. Kuti linali bodza sindinakayike. Lamulungu lililonse kuyambira ndili wamng'ono ndinkaona amalume ali kumbali ya amuna, atatsegula buku lawo la nyimbo lachikuto chakuda, akuimba ndime zonse mpaka yomaliza, imene ambiri ankangoing'ung'udza. Munthu wotero akanati bwanji sadziwa kuwerenga?

Madzulo amenewo ndinalemba masamba atatu. Ndikukopera pano mizere ingapo mmene ilili: "Lero amalume ananama chifukwa cha ine. Mulungu asawawerengere, tchimolo ndi langa. Ndikamaliza mayeso ndidzakwera basi kupita ku Kabulonga ndikauze madamu zoona zonse. Akadzamva kuti amalume amadziwa kuwerenga ndipo wolakwa ndine, adzawabwezera ntchito. Zonse zidzakhala bwino isanafike Khirisimasi."

M'mawa mwake ndinawauza amalume za ulendowo. Anali pakhonde akuyesa kumanga batani ndi dzanja limodzi.

"Ukanena chiyani?"

"Kuti munanama."

Anasiya batani lija, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo limodzi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira kapena andithokoza. Anangoti, "Lemba mayeso, mwana wa mlongo wanga. Ku Kabulonga kulibe chako."

Mayeso ndinalemba, ndipo ndinakhoza. Ku Kabulonga sindinapite. Ndinkangoti mawa, mawa, mpaka tinamva kuti pikapu yoyera ikuyendetsedwa ndi munthu wina. Diso lamanzere silinachire. Amalume sanagwirenso chiwongolero cha munthu. Anabwerera ku njinga za ana, kenako anapeza ulonda pasitolo ina ku Chilenje, ndipo anthu a mumzere wathu, amene kale ankawatchula kuti ba dalaiva, anayamba kungoti mdala.

Lamulungu loyamba limene anatha kuyenda mpaka kutchalitchi, mvula inali itagwa usiku wake, njira yonse ikununkha dothi lonyowa. Amayi anandiuza kuti ndikhale nawo pabenchi lakumbuyo, kuti ndiwagwire dzanja potsika masitepe. Kanali koyamba kukhala pambali pawo m'tchalitchi. Ndinaona anthu akutembenuka kuwayang'ana, ena pakhosi, ena pa buku lakuda limene anali nalo m'manja. Wotsogolera atatchula nambala ya nyimbo, amalume anatsegula bukulo, analikweza pachifuwa monga mwa nthawi zonse, n'kuyamba kuimba ndi mawu awo aakulu aja. Mtima wanga unadzaza. Ndinkafuna kuti azimayi awiri aja atembenuke aone okha kuti zimene anamva kunyumba kwathu zinali zonama.

Ndinasuzumira kuti ndiimbe nawo. Buku linali pa nyimbo ina, ya maliro, kutali ndi imene tinkaimba.

Ndinatambasula dzanja n'kuwatembenuzira masamba mpaka pa nambala yoyenera. "Ndi diso lija," ndinanong'ona.

Anayang'ana tsambalo, kenako ine. "Ee," anatero. "Ndi diso." Ndipo anapitiriza ndime yachiwiri osaphonya liwu.

Nditafika kunyumba ndinalemba kuti diso la amalume likadzazolowera sadzasocheranso m'buku. Ndinalemba ndi mtima wonse, ndipo ndinagona bwino. Panapita zaka ndisanamvetse kuti pa mawu onse amene ananena pamaso pa madamu ndi alendo aja, bodza linali limodzi lokha, lakuti sanafunse munthu.